Wokhoma msonkho amene mumamutchula uja ndine: kalata yotseguka kwa osunga chuma cha Britain

Kwa Nduna ya Zachuma ya dziko la Britain, nduna yoona za penshoni, ndi atsogoleri a mabungwe a ogwira ntchito m'boma,

Olemekezeka nonse,

Ndikudziwa kuti palibe mmodzi mwa inu amene amamva Chichewa. Musade nkhawa. M'zipatala zanu ndi m'nyumba zosamalira okalamba, kuyambira ku Glasgow mpaka ku Southampton, muli anthu ochuluka amene angakuwerengereni kalatayi mukawapeza pa nthawi ya tiyi. Ndalemba m'chinenero changa chifukwa nkhani ya ndalama ndikaiyamba m'Chingerezi ndimapezeka ndikupepesa ndisanafike n'komwe pachimake.

Ndine mayi wa ku Ntcheu, ndinafika kuno mu 2004. Kuyambira chaka chimenecho ntchito yanga yakhala imodzimodzi: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza ndi kugoneka agogo a eni ake m'nyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Leicester. Nyumbayo ndi ya kampani, koma agogo ambiri amene timawasamalira amawalipirira ndi khonsolo. Amuna anga ndi pota pachipatala cha boma kuyambira 2005. Amakankha odwala pabedi kupita nawo ku ekisire ndi ku opareshoni, ndipo zinthu zikavuta ndi iwonso amene amaperekeza thupi ku mochale. Msonkho timakhoma tonse awiri, umadulidwa ndalamayo tisanaigwire n'komwe. Ndiye mukamaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kumati penshoni za ogwira ntchito m'boma zikhale zachilungamo kwa okhoma msonkho, dziwani kuti anthu awiri amene mwawaika mbali ziwiri za mlanduwo amadya nsima ya mumphika umodzi.

Tsiku limene mlanduwu unalowa m'nyumba mwathu linali Lachitatu, pa 30 Novembala 2011. Mukulikumbukira. Aphunzitsi, ogwira ntchito m'zipatala, a m'makhonsolo, a m'malire a dziko, onse ananyanyala ntchito pokana kusintha kwa penshoni zawo. Mabungwe ankati anthu afika 2 miliyoni, boma linkati sanafike pamenepo, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo, David Cameron, inafanizira sitirakayo ndi makombola onyowa okana kuphulika. Kaya anaphulika kaya sanaphulike, sukulu zoposa theka za ku England zinatsekedwa, ndipo ya ana anga awiri inali imodzi mwa izo. Abambo anadzuka kudakali mdima, anavala majekete awiri ndi chipewa cha ubweya, anapita kukaima pageti la chipatala ndi anzawo. Ine ndinali ndi shifiti ya maola 12. Ndinaimbira mnzanga wa kutchalitchi kuti andisungire ana, nayenso anali ndi ake atatu ndipo amapita kuntchito. Mapeto ake ndinaimba kuntchito kuti sindibwera. Kuntchito kwathu kuja osabwera ndiye kuti osalipidwa. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo nthawi imeneyo anali mapaundi 6.08 pa ola, ndipo ine ndinali pomwepo. Pafupifupi mapaundi 73 anapita, Khirisimasi ili pakhomo, kumudzi akudikira ya feteleza wobereketsa.

Madzulo abambo anabwera manja atauma ndi chisanu, mawu atasasa ndi kuimba. Ndinawatenthetsera madzi osamba m'manja, ndinapakula, koma mtima unali utadzaza. Ana atalowa kuchipinda ndinayamba.

"Abambo, mwakaima pamphepo tsiku lonse. Inu akudulani ya lero, inenso andidula. Penshoni mukuiririrayo ine ndilibe ndi ya tambala yomwe. Ndiye ndizikhoma msonkho kuti inu mudzapume pa zaka 60, ine ndidzakomokere pa shifiti?"

Anatema nsima, anaipota m'dzanja nthawi yaitali osaisunsa. Kenako anati, "Amayi, akandilanda ineyo, mukuganiza kuti akupatsani inu?"

Sindinawayankhe. Ndinkaona ngati akuzemba nkhani. Papita zaka zoposa 10 tsopano, ndipo ndakhala ndikudikira kuti inu mabwana muwatsutse amuna anga. Simunawatsutse. Ndicho chifukwa cha kalatayi.

Ndisanadandaule ndivomereze kaye zimene munalondola, poti ine si wa chipani. Anthu akukhala moyo wautali kuposa mmene ankakhalira pamene penshonizi zinkakhazikitsidwa, ndipo palibe amene akudziwa zimenezi kuposa ine amene ndimasintha matewera a anthu a zaka 95. Munthu akapuma pa 60 n'kukhala mpaka 90, wina ayenera kumulipira zaka 30. Penshoni zambiri za boma, monga za NHS (zipatala za boma), za aphunzitsi ndi za m'maofesi a boma, zilibe nkhokwe imene ndalama zake zikusungidwa. Zimene adula lero kwa wogwira ntchito ndi kwa womulemba ntchito ndi zomwezo zimalipira wopuma wa lero, ndipo zikaperewera amawonjezera ndi msonkho. Ya ogwira ntchito m'makhonsolo ndi imene ili ndi thumba lenileni. Choncho wokhoma msonkho ali ndi ufulu wofunsa. Ndivomerezenso kuti Lord Hutton, amene kale anali nduna m'boma la Labour ndipo munamupatsa ntchito younika nkhaniyi, ananena zoona mu lipoti lake la Malichi 2011 pa mfundo imodzi yaikulu. Penshoni yowerengera malipiro a chaka chomaliza inkakomera amene akwezedwa udindo kumapeto kwa ntchito. Bwana amene wakwera katatu m'zaka zake zomaliza ankakolola kwambiri, pamene pota, amene malipiro ake amakwawa ngati kamba moyo wake wonse, ankangothandizira kusenza. Kuwerengera malipiro a zaka zonse za ntchito n'kwachilungamo, ndipo ngakhale abambo kunyumba kuno sakana.

Koma Hutton yemweyo ananenanso zina zimene simunkakonda kuzibwereza pa wailesi. Anakana zoti penshonizi ndi zokutidwa ndi golide, monga nyuzipepala zina zinkalembera tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti penshoni ya pakatikati inali pafupifupi mapaundi 7,800 pa chaka, ndipo theka la opuma ankalandira ochepera mapaundi 5,600. Lipoti lake linasonyezanso kuti katunduyu anali atayamba kale kupepuka: kuchoka pa 1.9 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka, kutsikira cha ku 1.4 peresenti m'zaka 50 zakutsogolo. Anachenjezanso kuti penshoni zikakhala zoipa m'makampani, mankhwala ake si kugwetsa za boma kuti zonse zifanane pansi.

Inu munatenga mpeni n'kudula patatu. Poyamba, mu bajeti ya Juni 2010, George Osborne, Nduna ya Zachuma ya nthawiyo, anasintha muyezo wa kukwera kwa mitengo umene umakwezera penshoni chaka ndi chaka, kuchoka ku RPI kupita ku CPI, umene kawirikawiri umakhala wotsikirapo. Anthu ambiri sanazindikire, chifukwa zilembo zitatu kusintha kukhala zilembo zina zitatu sizimveka ngati kuba nkhuku, koma Hutton anawerengera kuti kusinthaku pakokha kunachotsa pafupifupi 15 peresenti ya phindu la penshoni. Kenako munati aliyense azidulidwa zochulukirapo, pakatikati 3.2 peresenti ya malipiro kuwonjezera pa zimene ankadulidwa kale, kupatula olandira ochepera mapaundi 15,000. Apa n'kuti malipiro mutawaimika zaka ziwiri. Kachitatu, msinkhu wopumira munaumangirira ku msinkhu wa penshoni ya boma ya aliyense. Abambo analowa ntchito atauzidwa 60. Pa zaka zimene agwire kutsogoloku nambala yawo ndi 67. Ndipo ngati kuthira tsabola pachilonda, dzulo lake la sitiraka, pa 29 Novembala, a Osborne analengeza kuti malipiro akadzamasulidwa azidzakwera ndi 1 peresenti yokha kwa zaka zina ziwiri. Ngati munkafuna kuti anthu asatuluke m'mawa mwake, njira yake sinali imeneyo.

Ndalama zowonjezera zimene munayamba kudula zija munkayembekezera kuti zifike mapaundi 2.8 biliyoni pa chaka pofika 2014 ndi 2015. Funso la amuna anga lagona pamenepa. Zinapita kuti? Sizinapite m'thumba la penshoni, poti thumbalo kulibe. Zinapita kukatseka dzenje la bajeti, dzenje limene linakula boma litapulumutsa mabanki mu 2008. Pota sanagwetse banki. Ine sindinagwetse banki. Koma wina anatiuza kuti vuto langa ndi penshoni ya amuna anga, ndipo kwa kanthawi ndinakhulupirira.

Tiyeni tiike manambala patebulo monga timachitira kunyumba kuno mwezi ukatha. Tiyerekeze anthu awiri, aliyense akulandira mapaundi 24,000 pa chaka, mmodzi m'chipatala cha NHS, wina m'nyumba ya okalamba ya kampani. Wa NHS amadulidwa 6.5 peresenti. Womulemba ntchito, kuyambira Epulo 2024, amawerengedwa kuti akuikapo 23.7 peresenti, amene ndi mapaundi pafupifupi 5,700. Chaka chilichonse chimene wagwira chimamupatsa gawo limodzi mwa magawo 54 a malipiro a chakacho, ndiye kuti mapaundi pafupifupi 444 pa chaka, kuyambira tsiku lopuma mpaka tsiku la maliro, ndipo amakwera mitengo ikamakwera. Tsopano bwerani kwa ine. Lamulo lokakamiza makampani kulembetsa antchito awo ku penshoni linayamba mu Okutobala 2012, ndipo linafika pang'onopang'ono, makampani aakulu poyamba. Kuyambira Epulo 2019 bwana wanga amakakamizidwa kuikapo 3 peresenti. Ndipo si 3 peresenti ya malipiro onse ayi, mapaundi 6,240 oyambirira sawerengedwa. Pa 24,000 paja, bwana amaikapo mapaundi pafupifupi 533 pa chaka. Ine ndimaikapo 5 peresenti, kuphatikizapo kachidutswa ka msonkho kamene boma limandibwezera. Zonse pamodzi sizifika mapaundi 1,500, ndipo palibe amene wandilonjeza kuti ndidzalandira zingati. Zimatengera mmene misika ya masheya idzadzukire tsiku limenelo.

Mapaundi 5,700 uku, 533 uku. Munthu wodwala yemweyo amene abambo amukankha pabedi Lachisanu potuluka m'chipatala, ndi amene ine ndimamulandira Loweruka n'kumusambitsa. Ndalama yolipira tonse awiri imachokera ku msonkho womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndalamayo imadzera kukhonsolo, n'kudzera kukampani, n'kundipeza itaonda. Sizinali choncho kuyambira kale. Anzanga achikulire amene ndinawapeza pantchito mu 2004 ankasimba za nthawi imene nyumba zambiri za okalamba zinali za makhonsolo, ndipo wosambitsa agogo ankalowa penshoni yomweyo ya ogwira ntchito m'khonsolo. Lamulo la 1990 lokhudza NHS ndi chisamaliro cha m'madera ndi limene linakankhira ntchitoyi kumakampani. Ntchito inatsala yomweyo, msana ndi womwewo, penshoni yokha ndi imene inatsalira panjira. Ndiye mukamaloza ine n'kumati "taonani uyu alibe, n'chifukwa chake winayu tim'chepetsere," mukuloza dzenje limene munakumba nokha.

Ndikuuzeni chimene chimandiseketsa ndikakhala ndekha. Kwathu ku Malawi, dziko limene mumalitchula m'malipoti anu a thandizo ngati limodzi mwa osaukitsitsa, lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linati wolemba ntchito aikepo 10 peresenti, wantchito 5. N'zoona kuti mabwana ambiri kumeneko amazemba, amadula wantchito koma osakapereka. Komabe papepala, bwana wa ku Limbe amafunsidwa katatu kuposa bwana wa ku Leicester.

Tsopano tifike pamene munadzikola nokha. Pa 2 Novembala 2011, pofuna kuziziritsa mitima sitiraka isanafike, Danny Alexander, nduna ina ya ku unduna wa zachuma nthawiyo, analengeza kuti aliyense amene watsala ndi zaka 10 kapena zochepera kuti apume sakhudzidwa ndi kusinthaku. Ananenanso kuti mgwirizano watsopano wa penshoni ukhala zaka 25 osaugwedeza. Zinaoneka ngati chifundo. Koma taganizani bwino amene anatetezedwa. Ndi achikulire, amene ambiri anali kale pamalipiro abwino, amene mawu awo ankamveka m'mabungwe ndi m'maofesi. Amene anasenza mtolo wonse ndi achinyamata, ndi obwera mochedwa ngati abambo akunyumba kuno, amene anali asanakwanitse zaka 40. Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Apa zinatembenuka: nkhuyu anadya akulu, m'mimba munapota ana.

Oweruza milandu ndi ozimitsa moto anakutengerani kukhoti, pa milandu yodziwika ndi mayina a McCloud ndi Sargeant. Mu Disembala 2018 khoti la apilo linagamula kuti chitetezo chija chinali tsankho lotengera msinkhu. Mu Juni 2019 khoti lalikulu kwambiri linakukanizani kuchitanso apilo. Kukonza cholakwacho boma lenilenilo linawerengera kuti kudzadya mapaundi pafupifupi 17 biliyoni. Panafunika lamulo lina mu 2022, ndipo tsopano anthu mamiliyoni ayenera kusankha kuti zaka zawo za pakati pa 2015 ndi 2022 ziwerengedwe m'njira yakale kapena yatsopano. Abambo ali m'gulu limenelo. Makalata ake akabwera timawawerenga awiri, mutu umodzi susenza denga, komabe timagona tisanamve. Ine wokhoma msonkho, amene zonsezi zinkachitika m'dzina langa, ndinapindula chiyani ndi kusunga ndalama kumene kunabala ngongole ya 17 biliyoni?

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa, koma ndi chimene chinapha chikhulupiriro. M'lamulo la 2013 munaikamo muyezo woteteza mbali zonse ziwiri. Mtengo wa penshoni ukakwera kupyola malire, antchito achepetseredwe kapena adulidwe zambiri. Ukatsika kupyola malire, antchito awonjezeredwe. Inu munkayembekezera kuti muyezowo udzaluma antchito. Kuwerengera kwa 2016 kutatuluka kunasonyeza zosiyana: mtengo unali utatsika, chifukwa malipiro munawapanikiza zaka zambiri ndiponso moyo wa anthu sunkatalika mofulumira monga munkaganizira. Mwa lamulo lanu lomwe, antchito anayenera kupindula. Mu Januwale 2019 munaimitsa muyezowo. Pambuyo pake munathiramo mtengo wa mlandu wa McCloud, phindu lija n'kusungunuka. Mabungwe anapita kukhoti, ndipo mu 2023 anagonja. Chabwino, khoti linati simunaphwanye lamulo. Koma pabwalo la amfumu kwathu, munthu amene wabwera ndi muyezo wake, n'kuubisa kumbuyo ataona kuti ukukomera mnzake, sabwereranso kudzaweruza nkhani ya malire a munda. Pamene ogwira ntchito m'maofesi a boma ankanyanyala ntchito mu 2022 ndi 2023, nkhani ya penshoni inali pamndandanda wa madandaulo awo pambali pa malipiro, ndipo gwero lake linali lomweli.

Ndipo musatiuze kuti ndalama za penshoni sizipezeka. Mu bajeti ya Malichi 2023, Jeremy Hunt, Nduna ya Zachuma ya nthawiyo, anachotsa malire a ndalama zimene munthu angasunge mu penshoni moyo wake wonse popanda msonkho wowonjezera. Malirewo anali mapaundi 1,073,100. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chakuti madokotala akuluakulu akusiya ntchito msanga pothawa msonkhowo. Sindikuwachitira nsanje madokotala, tikuwafuna. Ndangoona kuti vuto la munthu amene penshoni yake yapyola miliyoni linathetsedwa ndi chiganizo chimodzi cha mu bajeti, pamene la ife a 3 peresenti likudikirabe makomiti.

Panali agogo ena aakazi m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, anatisiya zaka zingapo zapitazo. Anaphikira ana asukulu zaka pafupifupi 30, ntchito ya khonsolo. Anali ndi kapenshoni kawo ka kuntchito pamwamba pa ka boma. Mukudziwa kumene kankapita? Munthu amene khonsolo ikumuthandiza kulipira nyumba ya okalamba amapereka penshoni yake pafupifupi yonse ku malipiro a nyumbayo, n'kumusiyira ya m'thumba, imene mu 2025 inangopitirira pang'ono mapaundi 30 pa sabata. Agogowo ankasunga yawo m'kachikwama ka nsalu pansi pa pilo. Lachisanu lililonse ankandiitana, "bwera kuno mwanawe," n'kundiwerengera makobidi m'dzanja kuti ndikawagulire mafuta odzola m'manja ndi maswiti a minti. Manja awo anali okhakhala ngati khungwa, zaka 30 za madzi otentha ndi sopo wa mapoto. Golide ankanenedwa uja ndinamufunafuna m'chipinda chimenecho, sindinamuone. Chimene ndinaona n'chakuti paundi iliyonse ya penshoni yawo inkachepetsa ndalama imene khonsolo ikanalipira. Mukamudula munthu penshoni ali ndi zaka 40, simunapulumutse wokhoma msonkho. Mwangomutumizira bilu yomweyo mochedwa, kudzera ku khonsolo ndi ku Pension Credit, thandizo la boma kwa okalamba a ndalama zochepa. Ndipo bilu yaikulu kwambiri ya mtundu umenewu ndi ife amene, osamalira okalamba mazanamazana amene tidzafike pa 67 ndi kathumba kosakwana kulipira chaka chimodzi m'nyumba yomwe tagwiramo ntchito moyo wonse.

Inu atsogoleri a mabungwe, musaganize kuti ndakuiwalani. Mlandu wanu unali wolungama, koma munauyendetsa ngati wa pabanja panu pokha. Tsiku lija la 2011 munali ndi zikwangwani zokongola zonena kuti penshoni yabwino ikhale ya aliyense. Mawu abwino. Koma mgwirizano utasainidwa, ndi angati mwa inu amene anatulutsanso anthu mumsewu chifukwa cha wosambitsa agogo, woyeretsa m'chipatala amene ntchito yake inagulitsidwa kukampani, kapena mlonda wa usiku? Munavomera chitetezo cha achikulire chija, ena mwa inu mokondwa, podziwa kuti achinyamata ndi amene alipire. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ife tinasunga ana kunyumba tsiku lanu la sitiraka, tinataya shifiti, ena tinakuimbirani hutala podutsa pageti. Zathu ndevu zakhala zikufuka utsi zaka zonsezi. Ndikudziwa kuti kusonkhanitsa anthu a m'nyumba zathuzi n'kovuta. Tili obalalika m'tinyumba masauzande, mabwana osiyanasiyana, ndipo achinyamata amene abwera zaka zaposachedwa kuchokera ku Zimbabwe, Nigeria, India ndi kwathu komwe ali pa viza yomangiriridwa kwa bwana. Ntchito ikatha amapatsidwa masiku 60 kuti apeze wina wowalemba, apo ayi azipita. Munthu wotere simungamuuze kuti akweze chikwangwani. Koma ndiye chifukwa chake akufunika wina womulankhulira, ndipo inu muli ndi maofesi, maloya ndi mipando pamene nkhani zimakambidwa.

Mu 2020 munatiombera m'manja Lachinayi lililonse 8 koloko madzulo, abambo ndi ine pamodzi, osasiyanitsa kuti uyu ndi wa boma uyu ndi wa kampani. Kachilombo nakonso sikanasiyanitse.

Chimene ndikupempha si chachilendo. Mu Julayi 2025 munadzutsanso komiti younika za penshoni, imene inauzidwa kuti ipereke lipoti mu 2027, chifukwa mwaona nokha kuti opuma a m'tsogolo adzakhala osauka kuposa a lero. Musadikire lipoti kuti muchite zimene muli nazo kale mphamvu. Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2023 lamulo lokupatsani mphamvu yochotsa malire a 6,240 aja kuti penshoni iziwerengedwa kuyambira paundi yoyamba, ndi kutsitsa msinkhu wolembetsera kuchoka pa 22 kufika pa 18. Chaka cha 2025 chinafika mphamvuzo zili m'kabati. Zitulutseni. Ndipo kulikonse kumene ndalama ya msonkho ikugula ntchito yosamalira anthu, kontirakiti izinena poyera kuti bwana aikepo zingati pa penshoni ya wantchito, nambala yoti munthu angaitchule osachita manyazi. Ndikudziwa yankho lake: makampani adzati khonsolo imalipira zochepa, khonsolo idzati boma limatipatsa zochepa. Onsewo akunena zoona, ndipo mzerewo umathera pa desiki yanu, a Nduna ya Zachuma. Ngati zikutanthauza kuti msonkho ukwere pang'ono, nenani poyera, tikangane za zimenezo ngati akuluakulu. Ine ndili wokonzeka kumva mtengo wake. Chimene ndatopa nacho ndi kubwerekedwa dzina. Tsiku lina mukadzafunanso kudula penshoni za aphunzitsi kapena anamwino m'dzina la wokhoma msonkho, mudzabwere ndi pepala losonyeza kuti ndalama mwapulumutsazo zalowa m'thumba la ndani.

Pali kenanso kakang'ono, poti ndayamba kale. Ku Ntcheu tinamanga kanyumba ka zipinda zitatu, malata tinakhoma, kwatsala pulasitala. Maloto athu ndi okakalambira kumeneko, kukhala pakhonde n'kumaona mbatata ikukula. Penshoni ya boma ya kuno, imene mu 2025 inali mapaundi 230.25 pa sabata kwa amene wakhoma zaka 35, munthu amalandira ngakhale ali kunja. Koma ndikakakhala ku Malawi idzaima pa nambala ya tsiku lonyamuka, osakweranso mpaka kufa. Chimodzimodzi ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Mnzanga wa ku Philippines amene timatembenuza naye agogo, iye kumutu ine kumiyendo, akabwerera kwawo yake izidzakwera chaka ndi chaka, chifukwa dziko lake lili ndi pangano ndi lanu. Wa ku Jamaica chimodzimodzi. Tinakhoma mofanana. Ndikapita kwathu sindidzagona pabedi la NHS, sindidzafuna khonsolo indilipirire nyumba ya okalamba. Ngati mukufunadi kupulumutsa wokhoma msonkho, bwenzi mukundiperekeza kubwalo la ndege ndi nthungululu, osati kundilanga.

Abambo andipeza ndikulemba izi patebulo la kukhitchini, atangoweruka, akusisita bondo limene layamba kuwavuta akamakankha mabedi olemera pamalo okwera. Afunsa kuti ndikulembera ndani usiku uno. Ndawauza kuti ndikufunsa akuluakulu funso lawo lija la 2011. Aseka, kenako anati ndiwonjezere lina. Iwo anabadwa mu 1974. Lamulo la lero likuti msinkhu wopumira udzafika 68 pakati pa 2044 ndi 2046, ndiye iwo apulumuka, yawo ndi 67. Koma mu 2017 boma linanenapo zofuna kubweretsa 68 ija pafupi, pakati pa 2037 ndi 2039, ndipo mu 2025 munayambanso kuunika msinkhuwu. Popeza penshoni yawo ya kuchipatala munaimangirira ku msinkhu umenewo, ukasuntha nayonso isuntha. Akuti ndikufunseni ngati 67 ija ikadali 67, kuti adziwe ngati bondolo alinyengerere zaka zingati.

Ine wanu wokhoma msonkho,

Mayi wa ku Ntcheu, wosamalira okalamba ku Leicester